Mfumukazi Imene Enelesi Anapereka ku Nathenje

Mwana wa Enelesi anaikidwa m'manda Lachiwiri lina mu Okutobala, chaka cha 1978, m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Mitundu. Anali wa miyezi isanu ndi itatu. Chikuku chinamutenga m'masiku anayi okha.

Enelesi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Chaka chapitacho anali mu Fomu 2, mtsikana woyamba m'mudzimo kusankhidwa kupita ku sekondale. Atapezeka ndi pakati anamuchotsa, ndipo masiku amenewo wochotsedwa chifukwa cha mimba sankabwereranso m'kalasi. Mwini mimbayo anakana kwamtuwagalu n'kupitiriza sukulu yake.

Bambo ake, a Esau, anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri ku migodi ya ku Joni. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo chiyembekezo chawo chonse chinali pa mwana mmodzi yekhayu. Tsiku limene Enelesi anafika ndi sutikesi pamutu, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Ine ndilibe mwana." Enelesi anakakhala kwa mayi ake aang'ono. Pa maliro a mdzukulu wawo a Esau anabwera, anakhala ndi amuna anzawo pamthunzi, n'kuchoka osamupepesa.

Patangopita milungu isanu, a Esau anagwa ali ku nazale ya fodya, kheni yothirira ili m'manja. Pobwera nawo kuchipatala, mbali yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatheratu. Abale anayamba kukankhirana. Enelesi anamanga zovala zake pachitenje n'kubwerera m'nyumba imene anathamangitsidwamo.

Taganizani, inu owerenga. Kusambitsa, kutembenuza ndi kumwetsa phala munthu amene mawu ake otsiriza kwa inu anali okukanani, pamene lilime loti abwezere mawuwo alibenso.

A Esau ankangoyang'ana kukhoma. Supuni ikafika pakamwa ankaluma mano. Thupi linayamba kutha, ndipo anthu m'mudzi ankanong'onezana kuti Khirisimasi saiona.

Ndiye kunabwera Che Athumani, mwini golosale ina pa Mitundu, mnzawo wa ku migodi. Kumeneko n'kumene awiriwa anaphunzira tchesi, masewera a magulu awiri a nkhondo pabolodi, amene wopambana ndi yemwe watsekera mfumu ya mnzake. Che Athumani anatsitsa bolodi la a Esau pamwamba pa kabati, analipukuta fumbi, n'kundanda tizidole tamtengo pafupi ndi mphasa.

A Esau anayang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lamanzere linatambasuka n'kukankha kamsilikali kamodzi. Tsiku limenelo anamaliza phala lonse.

Potuluka, Che Athumani anauza Enelesi kuti iwo sangamasiye golosale tsiku ndi tsiku. "Mankhwala a bambo ako ndi amenewa, mwanangu," anatero. "Phunzira." Anamusonyeza kuti kavalo amalumpha mokhota, nsanja imayenda mowongoka, ndipo mfumukazi ndiyo yamphamvu kuposa tonse chifukwa imapita kulikonse.

Moyo wake unakhala umenewo. M'mawa kumunda. Loweruka kumsika, kadi ya chipani m'manja pachipata, dengu la zitumbuwa pamutu. Dzuwa likapendeka, ankakokera bambo ake pakhonde n'kuyala bolodi. Amayi opita kuchitsime ankasekera m'chitenje, amvekere imfa ya mwana inamuzunguza mutu, mkazi wamkulu akuseweretsa zidole.

Zaka ziwiri zathunthu sanapambaneko ngakhale kamodzi. Vuto lake linali mantha. Munthu amene wataya zambiri amagwiritsa zotsalazo, ndipo Enelesi ankasewera choncho. Mfumukazi yake ankaibisa kumbuyo, ikaopsezedwa pang'ono n'kuithawitsa. A Esau ankabuula mokwiya n'kumenya mphasa. Tsiku lina, masewera asanayambe, anatola mfumukazi ya mwana wawo n'kuiika pansi pa pilo. Mwezi wonse Enelesi anasewera wopanda mfumukazi, akulirira mumtima, mpaka anazindikira kuti kavalo ndi nsanja nazonso zili ndi mano.

M'chaka chachitatu anawagonjetsa koyamba. A Esau sanamwetulire. Anangondandanso tizidole.

Mu Julaye 1982, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi anakonza mpikisano wa tchesi ku Nathenje. Che Athumani analembetsa dzina la Enelesi osamufunsa. Iye anakana, nati angokachititsa manyazi bambo ake kachiwiri. Koma a Esau atamva, anamuloza ndi chala, kenako analoza kumsewu. Mayi ake aang'ono anavomera kutsala ndi wodwalayo, ndipo Enelesi anakwera lole ya Che Athumani pamwamba pa matumba a mtedza.

M'kalasi limene munkachitikira mpikisanowo munali amuna khumi ndi asanu. Wolemba mayina anamuuza kuti ogulitsa zakudya azidikira panja. Che Athumani atalankhula, anamupatsa mpando anthu akuseka. Enelesi anagonjetsa mphunzitsi wa masamu. Anagonjetsa kalaliki wina, kenako mphunzitsi wachiwiri, ndipo kuseka kunayamba kuchepa. Chakumadzulo anatsala awiri: Enelesi ndi a Gilibati, mlangizi wa fodya amene kwa zaka zinayi panalibe womugonjetsa m'dera lonselo.

Masewerawo anamuyambira moipa Enelesi. A Gilibati anamudyera tiasilikali tiwiri, kenako nsanja imodzi, ndipo gulu lawo linazinga mfumu yake. Aliyense ankaona kuti zatha. A Gilibati anayatsa ndudu n'kuyamba kucheza ndi anzawo kumbuyo.

Mtima unkamuuza Enelesi kuti abweze mfumukazi idzateteze kwawo. Koma anaona kuti kutero n'kungochedwetsa maliro. Anasiya kuyang'ana mbali yake, n'kuyang'ana ya a Gilibati. Mfumu yawo inali itabisala pakona, kuseri kwa tiasilikali. Kavalo wake, amene analumphira kumeneko masewera atangoyamba, anali chiimire pafupi ngati woiwalika. Nsanja yake yotsalayo inali ndi njira yotseguka. Anawerenga kamodzi, kawiri, katatu.

Kenako ananyamula mfumukazi n'kudya kamsilikali kamene kanali patsogolo penipeni pa mfumuyo. Mfumukazi inaima pakamwa pa mdani popanda woiteteza.

M'kalasimo munabuka phwete. Wina kumbuyo anati mayiyu sakudziwa mtengo wa chimene wataya. A Gilibati anatembenuka, anapukusa mutu momumvera chisoni, n'kunena kuti, "Pepani mayi, mukagwira simubweza." Mfumu yawo inadya mfumukaziyo, pakuti inalibenso kwina kopita.

Enelesi anakankha nsanja mpaka ku mzere wa m'mphepete, umene kamsilikali kaja kankatseka. Tsopano unali mbee, nsanja ndi mfumu zikuyang'anizana.

"Cheki," anatero motsitsa mawu, kuchenjeza kuti mfumu ili pangozi.

A Gilibati anagwira mfumu yawo kuti aithawitse. Kutsogolo ndi kumbuyo kunali nsanja. Malo awiri a m'mbali anali m'kamwa mwa kavalo uja. Malo otsalawo panali msilikali wawo yemwe, atatsekera mbuye wake njira. Dzanja linangoima m'malere mpaka ndudu inawatentha chala.

Kenako a Gilibati anaimirira, anavula chipewa, n'kumupatsa moni ndi manja awiri. Anati zaka makumi awiri akusewera, sanamenyedwepo mokongola chotero. Amuna aja anaunjikana pabolodi, kubwezera tizidole m'malo mwake kuti aonenso mmene zinachitikira. Che Athumani ankawafotokozera kuti kutaya mfumukazi mwangozi aliyense amatha, koma kuipereka dala, nyumba yako ikupsa, ukudziwa kuti ukalakwitsa malo amodzi watheratu, zimafuna mtima umene unapsapo kale.

M'mawa mwake Enelesi anakokera bambo ake pakhonde n'kuwaonetsa masewera onsewo kuyambira pachiyambi. Atafika pamene nsanja yake inadyedwa, a Esau anabuula. Atanyamula mfumukazi, dzanja lamanzere lija linamugwira pamkono kuti adikire. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, maso akuyenda kuchoka pa kavalo kupita pa nsanja. Ndiye anaiona. Pakamwa popotoka paja panatuluka phokoso limene Enelesi anali asanalimvepo, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Anamuchititsa kubwereza katatu. Mkonowo sanausiye mpaka dzuwa linafika paliwombo.

A Esau anamwalira mu Januwale wotsatira, mvula ikugwa, fodya ali m'munda. Sanalankhulenso mawu ngakhale amodzi.

Pakati pa amuna amene anaonerera ku Nathenje panali mphunzitsi wamkulu wina. Iye anapempha Enelesi kuti aziphunzitsa ana tchesi Loweruka lililonse, ndipo anamulembetsa maphunziro a pakalata. Mayeso a Fomu 2 analephera koyamba, Chingerezi chitamugwetsa. Analembanso n'kukhoza. Mu 1989, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, anaima kutsogolo kwa kalasi lake loyamba cha ku Malingunde, choko chili m'manja.

Atsikana ambiri anadutsa m'manja mwake. Wina akafuna kugwetsa tizidole chifukwa masewera amuipira, mayi Enelesi ankamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Khala pansi. Suchoka pampando mfumu isanatsekeredwe. Yang'ananso."

Inunso amene mukuwerenga muli pothina, anthu atakuwerengerani kale masiku, yang'ananinso. Zimene zapita sizibwerera, ndipo zina zidzakupwetekani mpaka kalekale. Koma pabolodi panu patsala kanthu kamene simunakaone chifukwa cha misozi. Pukutani m'maso, khalani pansi, sewerani. Osataya mtima.