Sutikesi Yobiriwira ya Amayi

Sutikesi yobiriwira ija abambo anaigula ku Old Town, ndipo inakhala pabalaza dzinja lonse, yolongedza kale, ikudikira ulendo. Inkanunkha pulasitiki watsopano. Ine ndinkadana nayo kwabasi, moti popanda wondiona ndinkaimenya theche.

Amayi anali ndi chotupa m'bere. Madokotala anati makina owotchera matendawo kuno kunalibe, choncho amayi ayenera kupita ku Joni. Ine ndinali mu Sitandade 3, ndipo pa zonsezo ndinangotolapo chimodzi: amayi akufuna kundisiya.

Chinali chaka chija mafuta anasowa, magalimoto n'kumagona pamizere, ndalama zakunja zitauma m'dziko. Abambo, amene ankagwira ntchito ku Capital Hill, anagulitsa galimoto yathu n'kuyamba kukwera basi ya kuntchito. Makwacha anapezeka, koma chipatala cha kunjako sichinkalandira makwacha. Kale zikanakhala zosavuta, poti amalume, achimwene awo a amayi, anali ndi kaofesi kosinthira ndalama ku Area 2. Koma boma, pofuna kutseka mipata yomwe madola ankatulukira, linakhwimitsa malamulo. Timaofesi tambiri totere tinatsekedwa, ka amalume komwe. Osintha ndalama m'misewu ankagwidwa. Aliyense anauzidwa kuti apite kubanki, akalembetse, adikire.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti mipatayo inafunikadi kutseka. Alipo amene ankazembetsa chuma cha dziko. Koma mumtima sindinakhululukebe, chifukwa ozembetsawo sindikhulupirira kuti anaimapo pamzere umene abambo anathera nsapato.

Madzulo aliwonse abambo ankalowa atanyowa mapewa, n'kuyang'ana sutikesi asanayang'ane amayi. “Akuti tibwerenso,” ankatero. Mawu amenewo kwa ine anali okoma kuposa switi.

Tsiku lina amalume anabwera ndi mango. Ndinali pansi ndikusenda bango ndi mano pamene amalumewo ananong'oneza abambo kuti, “Alamu, ndipatseni makwachawo ndikafune madola kumbali. Anthu ndikuwadziwa.”

“Ndine wa boma ine,” anayankha abambo. “Akatigwira, ndalama alanda, ntchito yatha. Odwalawa apita bwanji?”

Amayi anakonza duku lawo n'kunena kuti, “Asiyeni, achimwene. Tidikire.”

Tikudikira choncho, kwacha inagwa. Ndalama ya galimoto ija, yomwe inali yokwana, inachepa ili m'banki momwemo. Amayi nawo ankachepa. Mphete inayamba kuvuka yokha pachala, ndipo kuchipinda kwawo kunkamveka fungo la mankhwala ndi phala losadyedwa. Anamwalira chimanga chisanaume.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si tsiku la maliro. Ndi Loweruka lina, mvula itangokata, pamene amayi anandiitana kuti ndiwathandize kutsegula sutikesi ija. Anatulutsa zitenje zatsopano, Baibulo, nsapato zosavalidwa. Juzi yofiira yomwe anagulira kuzizira kwa ku Joni anandiveka ine, manja ake akulendewera mpaka m'mawondo.

“Udzakuliramo,” anatero.

Ndinathamangira panja ndikuvina, ndikuuza ana a nyumba yoyandikana nafe kuti amayi sakupitanso. Abambo anali chiimire pamalo pomwe pankaima galimoto, atatembenukira kumpanda. Ndinawakoka malaya kuti nawonso amve. Atacheuka, ndinadabwa kuti nkhani yabwino chonchi, munthu wamkulu akulirira chiyani.