Ndowa Imene Ndinapita Nayo ku Blantyre

Kwathu kwa Mbenje munthu sapereka ndalama pa nsomba n'kubwerera chimanjamanja. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo n'chifukwa chake ndili Sitandade sikisi ndinakwera lole ya ku Blantyre nditanyamula ndowa.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti ku Blantyre kuli nyumba imene amasungamo nsomba zamoyo m'magalasi, ndipo wofuna kukaona abweretse ndalama ya ulendo ndi yolowera pakhomo. Ine ndinangomva Blantyre ndi nsomba. Zinazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Bambo anga anali msodzi wa kudambo, munthu wa mawu ochepa. Ndi achimwene anga ankacheza za mono ndi mbedza, koma ine mwana wamkazi ankandiitana akafuna madzi akumwa basi. Atamva za ulendowo anaseka mpaka kutsokomola. Anati nsomba zadzaza pathandala loanikira kuseri kwa nyumba, ndikaziyang'ane mpaka maso atope, iwo sandilipiritsa. M'mawa mwake amayi anagwira bakha wawo wamkazi, uja ankaikira mazira ambiri, n'kukamugulitsa ku Bangula. Bakhayo ndiye anali chuma chawo chokha chimene sichinkadutsa m'manja mwa bambo.

Mawu anachepa pakhomo. Bambo ankangobwereza kuti bakha wapita chifukwa cha zachibwana, ndipo amayi ankangowerama. Zinandipweteka kwambiri. Ndiye ndinalonjeza pamaso pa onse kuti ndibwera ndi nsomba ya kutauni, yaikulu, kuti bambo aone kuti amayi sanataye bakha. Sindinkanama ayi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ukalipira pakhomo, potuluka amakupatsa yako.

Ndinakwecha ndowa yathu yabuluu ndi mchenga mpaka kuwala. Ndinamanganso mchere pakansalu, kuti nsombayo ikafera panjira ndiing'ambe isawonongeke. Aphunzitsi atandifunsa za ndowayo, ndinawanamiza kuti ndi ya amene angafune kusanza, poopa kuti anzanga angandibere nzeru. Iwo anandiyamikira kuti ndine mtsikana woganiza patali. Tinadutsa Ngabu, tinadutsa Nchalo ndi fungo lake la nzimbe, tinawoloka Shire, ndipo lole itayamba kukhotakhota pokwera phiri kupitirira Thabwa, ndowa yanga inagwiradi ntchito imene ndinainamizira. Inayenda m'manja mwa kalasi yonse. Ndinakaitsuka pampopi titafika, ndikunjenjemera ndi kuzizira kwa kumtunda ngati mwanapiye wonyowa.

Nyumbayo inali yaitali, ya kamdima, magalasi odzaza madzi atandandalikidwa kukhoma konse. Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti munalibe fungo. Nsomba zonsezo, koma popanda ntchentche ndi imodzi yomwe. Zambiri zinali tinsomba totalika ngati chala, tachikasu, tabuluu, tina tamizeremizere. Anzanga ankagunditsa mphuno pagalasi, koma ine ndinkayenda ngati mayi wa pamsika, ndowa kudzanja, kuyesa ndi maso. Ndinaona kuti ngakhale mutaphatikiza galasi lonse sizingakwane ndiwo za achimwene okha.

Kumapeto kwenikweni kunali galasi lalikulu kuposa onse, ndipo ana a sukulu ina ya m'tauni anali ataunjikana pamenepo akukuwa ndi mantha. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Unali mlamba. Mlamba wamba, wakuda, wandevu, womwe uja tinkadya kwathu mpaka kuukana. Mtima wanga unagwa. Bakha wa amayi anapita kuti ine ndikwere phiri lonse lija kudzaona mlamba.

Komabe unali wonenepa, ndipo lonjezo ndi lonjezo. Ndinapita kwa mayi wina wa yunifomu amene ankayang'anira m'nyumbamo, ndinagwada monga anandiphunzitsira kwathu.

“Zikomo amayi, ine ndasankha mlamba uwo. Ndowa ndabwera nayo.”

Mayiyo anandiyang'ana, anayang'ana ndowa, kenaka anagwira pakamwa. Anaitana mnzake kuti ndibwereze. Atatha kuseka anandifotokozera mokoma mtima kuti ndalama ya pakhomo ndi ya maso okha. Pofika nthawiyo kalasi yonse inali itamva, ndipo dzina lakuti Nandowa linabadwira pomwepo. Mpaka lero alipo azimayi akuluakulu kwa Mbenje amene sadziwa kuti ndili ndi dzina lina.

Ndinalibe kothawira, ndiye ndinatembenukira kugalasi kuti asaone misozi. Ndinakhalitsa pamenepo, ndipo poti maso analibe kwina kopita, anayamba kuona. Madzi a Shire ndi amatope. Ukaviika mkono, zala suziona. Milamba ndinali nditaitumbula yambiri, koma ndinkaidziwa ikuphupha m'bwato kapena itapindidwa pamoto. Uwu unkayenda mosapupuluma, thupi lonse likuweyula, ndevu zikufufuza mumchenga ngati zala za munthu wosankha mpunga. Kenaka unakwera pang'onopang'ono, unatulutsa kamwa pamwamba, unameza mpweya n'kubwerera kukagona pansi pa chipika, maso ali chitsegulire. Aphunzitsi anachita kundikoka pamkono kuti tizipita.

Tinagona pasukulu ina, ndipo tinafika kwathu mawa lake dzuwa litapendeka. Bambo anali pansi pa mtengo wa masawu akusoka ukonde, amayi akupeta mapira chapafupi. Bambo anasuzumira m'ndowa, anapeza kansalu ka mchere kokha.

“Mwananga, nsomba ya kutauni ija ili kupi?”

Ndinaulula zonse, kuti sapereka, ndiponso kuti yaikulu imene ndinaona inali mlamba. Anaseka kuposa tsiku loyamba lija. Anauza amayi kuti bakha wawo wakagula mlamba wosadyeka. Amayi anapitiriza kupeta. Apo ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula mmene mwana wamkazi sankalankhulira kwa bambo ake. Ndinati iwo amaugwira mlamba koma sanauonepo mmene umakhalira kwawo, kuti chakudya umachifuna ndi ndevu, ndiponso umagona osatsinzina.

Dzanja lawo linaima paukonde.

“Unauona ndi maso ako, uli pansi pa madzi?”

Nditavomera, anakankha ndi phazi kampando kamene ankakhalapo achimwene, n'kundiuza kuti ndikhale. Anandifunsa ngati umakwera chamutu kapena chammbali, ngati umakonda pamchenga kapena pachipika, ngati ndevu zonse zimagwira ntchito limodzi. Munthu amene anakalambira m'bwato ankafunsa ine, Nandowa. Aka kanali koyamba kuti andifunse kanthu n'kudikira yankho.

Mawa lake anabwera ndi asodzi anzawo kuti ndiwasonyeze. Ndinaluma timabango tiwiri kuti tikhale ndevu, ndinawerama n'kumayenda pabwalo ndikugwedeza mutu, kenaka n'kudzuka kumeza mpweya. Azibambo a imvi ankagwedeza mitu ngati ali m'tchalitchi, pamene achimwene ankagubuduka ndi phwete kuseri kwa nkhokwe. Masewero amenewa ndinawachita kwa mlendo aliyense mpaka mvula inagwa.

Bambo sananene kuti amayi anachita bwino. Mawu otero sankatuluka m'kamwa mwawo. Koma tsiku lina anabwera kuchokera ku Bangula ndi bakha m'khwapa, anamuponya pamapazi pa amayi n'kunena kuti amupeza wotchipa. Anali wamphongo. Amayi anathokoza mwachikwathu kuti takhuta, anamusunga mpaka anakalamba, ndipo dzira sitinalione.

Masiku ano ana anga amaona nsomba za m'nyanja zakutali pafoni, atagona pamkeka, osagulitsa bakha wa munthu. Ulendo wina tili kutauni anandikakamiza kulowa m'nyumba yotere, ndipo nditamva mtengo wa pakhomo ndinadzimva ndikunena kuti nsomba zadzaza pamsika, akaziyang'ane kwaulere. Anali mawu a bambo enieni, kungosowa kutsokomola kuja. Ndinachita manyazi, ndinalipira.

Wina akandifunsa ngati ndalama yolowera kumalo otere imapindula, ndimati zimatengera amene akukudikira kunyumba. Nditayamba ntchito ndinkawauza bambo kuti ndidzawatenga akadzionere okha, koma chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Anamwalira asanakwere phiri lija. Mlamba wamoyo umene ankaudziwa unali uja wa pabwalo pathu, wa ndevu za bango.