Tinalakwa kusambitsa ana

Lolemba lapitali ndinalandira foni imene inandisiya kukamwa kuli yasa. Anali mayi wina wa ku Nyambadwe, mmodzi mwa alendo amene anadzaona khitchini yathu Loweruka. Anayankhula mwaulemu ndithu. Anati iwo ndi anzawo a m'gulu la mapemphero akhala pansi, ndipo aona kuti ufa umene amafuna kutipatsa ndi bwino upite kwina kumene kuli osowa enieni.

Ndinafunsa ngati ana athuwa ndi osowa abodza.

"Ayi abambo, musatimve molakwika," anatero mayiwo. "Kungoti ana anu aja akuoneka kuti ali bwinobwino. Onse ovala nsapato, nkhope zili waliwali. Kamtsikana kaja ka diresi yapinki, ngakhale mwana wanga alibe yotero."

Ndinathokoza, n'kudula foni. Mukanakhala inu mukanati chiyani?

Kwa amene simudziwa, kuseri kwa tchalitchi chathu ku Manja kuli kashedi ka malata komwe timaphikira phala ana akaweruka kusukulu. Ine ndine mmodzi mwa oyang'anira. Mwana sitimufunsa kumene amapemphera. Ena ndi a kumzikiti, ena makolo awo pakhomo la tchalitchi sanapondepo chibadwire. Nkhuni amatibweretsera Che Bwanali, dalaivala wachisilamu wa lole ya ku Limbe, amene amatola zidutswa za matabwa m'magolosale omwe amatsitsako katundu. Koma matabwa saphikika phala. Thumba lathu lomaliza la ufa latsika kufika m'mawondo, ndipo likatha tikhoma chitseko.

N'chifukwa chake titamva kuti kukubwera alendo a thandizo, tinawuza makolo mosangalala. Sitinawawuze kuti achite chilichonse. Koma inu mukudziwa mmene timakhalira. Mmalawi ukangomuwuza kuti kukubwera alendo, wamulamula kale kuti asese pabwalo ndi kubisa chilichonse chochititsa manyazi.

Lachisanu ku Manja kunali kalikiliki. Pampopi mzere unakhota mpaka kumsewu. Azimayi anayenda khomo ndi khomo kubwereka nsapato ndi malaya.

Kamtsikana ka diresi yapinki kaja dzina lake ndi Tereza. Mayi ake anachokera ku Nsanje, ndipo amapeza chakudya pochapira anthu zovala, tsiku limene apeza owachapira. Diresiyo anabwereka kwa mnansi amene mwana wake anaperekeza ukwati chaka chatha. Nsapato zinali zazikulu, ndiye anatsendera nyuzipepala kutsogolo kuti zisavuke. Kuwala kwa nkhope kuja sanali mafuta odzola, anali madontho otsala m'kabotolo ka mafuta ophikira. Ndipo tsiku limenelo amake Tereza anasiya kugula kathumba ka ufa kaja timati wokumani, n'kugula sopo. Banja lonse linagona ndi njala kuti mwana akaonekere pamaso pa alendo.

Loweruka litakwana, ana anaimba mpaka mawu kusasa. Tereza anagwada n'kusambitsa alendo m'manja, osataya ndi dontho lomwe. Ine chifuwa chinali nganganga, kunyada. Ndinaona alendo atajambula pang'ono n'kubweza mafoni m'zikwama, ndipo ndinkati zawakhudza mtima. Osadziwa kuti zithunzizo sizinali zimene ankafuna.

Sindikuti mayi a ku Nyambadwe aja ndi oipa mtima. Ayi. Anasiya zochita zawo, anatsika ndi galimoto m'msewu wathu wa maenjemaenje, pomwe ambiri a ife timangodutsa. Chimene chikundiwawa n'chakuti iwonso ndi Amalawi. Iwonso anakulira m'nyumba momwe mbale zabwino zimatuluka mlendo akabwera basi. Mwambi uja woti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere amaudziwa, mwinanso amawuza ana awo. Nanga anaiwala bwanji atafika pa ana a anzawo? Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa mwana kuti dzulo wadya chiyani.

Zafika poti umphawi m'dziko muno uyenera kuvala yunifomu. Kuti tikhulupirire kuti mwana ali ndi njala, tikufuna mamina atsike, ntchentche zizungulire, mimba ikhale panja. Akasamba, ndiye kuti wakhuta.

Ana opempha m'misewu ya m'tauni analiphunzira kale phunziro limeneli. Imani pafupi ndi depoti ya maminibasi ku Limbe m'mawa, muone. Ena amabwera ndi masilipasi, n'kuwabisa m'ngalande asanayambe kutambasula dzanja. Timawanena kuti ndi akathyali. Koma anawaphunzitsa ndani? Si ife amene timatsitsa galasi la galimoto pokhapokha mwana akaoneka ngati watuluka m'dzala?

Ndipo amene timawalanga ndi amene akuyesetsa. Mayi amene wasauka koma sanataye ulemu wake, amene amachapa kamalaya kamodzi madzulo kuti kaume pofika m'mawa, ameneyo ndiye timamulumpha. Kunena zoona, zimenezi zandifooketsa kuposa kusowa kwa ufa kumene. Ufa ukhoza kupezeka. Koma maso a anthu otha kuthandiza ndingawakonze bwanji ine?

Lachitatu komiti yathu inakumana m'kashedi momwemo, chifukwa Loweruka likubwerali kukubwera alendo ena a kampani ina ya m'tauni. Amenewa akatikana, palibenso kwina kumene tikuyembekezera. Titazungulirazungulira, mkulu wina wa mpingo anatsokomola n'kunena zimene tonse tinkaganiza.

"Abale, tisanamizane. Tiwawuze makolo kuti ulendo uno ana asasambe. Nsapato zitsale kunyumba. Abwere ndi zong'ambika, mabwana a ndalamawo aone okha."

Abusa anayang'ana pansi. Azimayi ophika anayang'ana pakhoma. Che Bwanali, amene anali akutsitsa matabwa pakhomo, anaimika ntchito.

"Pepani, ine si wa komiti," anatero. "Koma kwathu kumzikiti ngakhale munthu asauke chotani, amayamba wasamba asanaime pamaso pa Mulungu. Inu mukufuna ana ade kuti adye?"

Palibe anamutsutsa, chifukwa ananena zoona. Palibenso anamuvomereza, chifukwa thumba la ufa linali pomwepo pakona, tonse tikuliona. Sitinavote. Zinangochitika monga zimachitikira m'makomiti athu, nkhani yoipa imadutsa mwakachetechete n'kupatsidwa munthu wolongolola kuti akainene. Munthuyo ndi ine.

Dzulo ndinayamba ndi kwa amake Tereza. Ndinawapeza pakhonde akufinya zovala za eni, manja atayera ndi thovu. Anandiyalira chiguduli, n'kutuma Tereza kuti akanditungire madzi akumwa. Ndinayamba ndi za mvula, kenako za kukwera mtengo kwa zinthu, mpaka nkhani zinanditheratu. Ndiye ndinanena. Ndinawawuza za foni ija, za diresi, ndi zimene komiti yagwirizana.

Ndinkayembekezera kuti akwiya, ndipo mumtima ndinkafuna kuti akwiye. Akanandithamangitsa ndikanabwerera ku komiti ndi chonena.

Sanakwiye. Anapukuta manja pachitenje, nayang'ana mwana wawo amene ankabwera ndi kapu ya madzi ataigwira ndi manja awiri. Anadikira kuti mwanayo agwade, andipatse, abwerere m'nyumba. Kenako anatsitsa mawu kuti asamve.

"Ndamva abambo. Phala lija ndi limene likumusunga mwanayu, sindingakane. Ali ndi kadiresi kena kong'ambika pamsana, ndimati ndikasoke mawa." Anandiyang'ana m'maso. "Ndiye ndikasiye choncho, kapena ndiwonjezere kung'ambako?"

Ndinaika kapu ija pansi. Ndinatsanzika osayankha, ndipo mpaka pano sindinayankhe.

Inu amene mudzabwere Loweruka ndi mafoni anu, tandithandizeni ndikawawuze mayiwa. Ang'ambe mpaka pati kuti mukhulupirire?