Kadontho ka a Singano

Malemu amuna anga anali telala. Anasoka pakhonde la sitolo imodzimodziyo zaka makumi anayi, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti a Singano.

Chuma analibe, koma phazi linkawayabwa, ndipo lilime lawo linkadziwa kukoma. Chaka chilichonse ankavindikira makina n'kunena kuti, "Akazi anga, longedzani kachikwama, tikadye kwina." Tinkakwera basi yotchipa, n'kumagona m'tizipinda ta kuseri kwa depoti. Malo odyera ankasankha posuzumira pansi pa matebulo.

"Muziona nsapato," ankatero. "Pomwe pali nsapato zafumbi, mbale zimadzaza. Pomwe ayala nsalu patebulo, nsaluyo mumalipira ndinu."

Motero tinadya nsomba zokazinga limodzi ndi madalaivala, buledi wamoto limodzi ndi onyamula katundu. Koma chinthu chimodzi chinkawadya mumtima. Pondifunsira, ndili namwali, anandilonjeza kuti adzandimwetsa vinyo patebulo la nsalu yoyera. Zaka zinapita, ine n'kumawaseka nazo: "Kodi vinyo wanga uja akadali pamoto?"

Chaka chomwe maso awo anayamba kuchita nkhungu, anandigwira dzanja. "Ulendo uno mumwa vinyo uja, ndisanaleke kukuonani."

M'tauni ina ya alimi a mphesa tinalowa m'kanyumba kodyeramo ka matebulo asanu, onse ansalu. A Singano anaitanitsa vinyo wa komweko, wotsika mtengo kuposa onse. Mwini malowo, mayi wojintcha wovala epuloni, anatsekula botolo, anathira kadontho m'tambula yawo, n'kuima chilili.

A Singano anakayang'ana kadonthoko, nkhope n'kugwa.

"Kodi ndi mankhwala a m'maso?" anandinong'oneza. Kenaka anakankhira tambulayo kwa ine. "Imwani, akazi anga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphamvu zanga zathera pamenepa."

Ndinanyowetsa milomo, wotsalayo ndinawabwezera.

"Ali bwanji, bambo?" anafunsa mwini malo uja.

"Mayi, ndinganame. Wathera m'mano, kukhosi sanafike."

Mayiyo anaseka mpaka botolo linagwedezeka. "Abale inu! Ameneyutu ngongolawa! Ndikudikira muvomere kuti ndithire."

"Ndinavomera kalekale! Thirani msanga, musanasinthe maganizo."

Anadzaza matambula onse awiri. Kunena zoona, vinyoyo anali wowawasa, woumitsa m'kamwa, koma ndinamwa yense, iwo akundiyang'anitsitsa ngati akuyeza diresi.

Tili pakati pakumwa, zala zawo zinapeza pomwe mpendero wa nsalu ya patebulo unamasuka. Telala sangapirire zotere. Anapisa m'thumba la jekete, momwe singano ndi ulusi sizinkachoka. Anayesa kulowetsa ulusi katatu, osatheka. Ndinawalanda mwakachetechete, ndinalowetsa, n'kuwabwezera. Anasoka ndi zala zokha, mzere wowongoka ngati wa pamakina, maso ali pa ine.

Mwini malo uja anabwera, anausisita mpenderowo ndi chala, n'kulowa kukhitchini. Anatuluka ndi mbale ya nyama yootcha, utsi uli tolotolo.

"Iyi ndi ya atelala. Musapise m'thumba."

A Singano anatola nthuli yonona n'kuiika m'mbale mwanga.

"Mwaona, akazi anga? Lero nsalu yatilipirira ife."