Chitini cha Zakeyo ndi dengu la apongozi

Zakeyo Chimbalanga sankatha kulemba ngakhale dzina lake, koma za njala ankazidziwa kuposa akalaliki a kuboma. Ndiye ankagawa chimanga cha osowa Lachisanu lililonse pamishoni ina kuseri kwa Kabudula, munthu mmodzi chitini chimodzi, ndipo ankayeza chaka ndi kutalika kwa mzere.

"Chaka cha dzombe mzere udafika pamkuyu paja," ankatero akudziguguda pachifuwa, ngati dzombelo anabwera nalo ndi iye. Mvula itakoma, mzere unafupika mpaka kutsala nkhalamba zisanu ndi wakhungu mmodzi, Zakeyo n'kumaodzera pathumba. Fodya atakwera mtengo, anthu anaiwala kuti fodya sadya, ndipo mzere unatalikanso ndi matenanti a m'maesiteti. Onsewo ankawadziwa, ndi madengu awo omwe.

Kenako kunabwera 1949. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Mzere unapitirira mkuyu, unapitirira manda, n'kukathera kudambo. Wansembe analamula kuti aliyense azilandira yekha, zotumizana ayi.

Nkhani inagona pamenepo. Zakeyo anali mkamwini, ndipo iye ndi apongozi ake, mayi Anesi, anali asanayang'anepo kumaso zaka makumi awiri. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, monga mwa ulemu wake. Tsono mayiwo akatambasule dengu pamaso pa mkamwini? Anakanitsitsa kwamtuwagalu. Benedeta, mkazi wa Zakeyo, amake a Rozaria, ankagawana nawo chitini chake, pomwe khanda lili kubere. Mayi Anesi ankawonda, Benedeta ankawonda, ndipo mkaka unayamba kuuma. Zakeyo anachita mantha, mantha enieni, oti nthabwala zake zonse zinathawa.

Anakadandaula kwa wansembe, koma anamuyankha kuti akalola mmodzi, mawa mudzi wonse utuma oimira.

Lachisanu lotsatira Zakeyo anakhala pathumba atafulatira mzere, chitini akuperekera kumbuyo.

"A Zakeyo, kodi mwatani lero?" anafunsa wansembe.

"Khosi, bambo. Ndaligonera."

Anthu anafa nalo phwete, ena n'kumamulangiza mankhwala a khosi. Akuluakulu okha ndiwo anamvetsa cholinga chake, nkhani n'kukaifikitsa kumudzi. Sabata imeneyo mayi Anesi sanabwere. Yachiwiri sanabwerenso, ndipo khosi la bodza lija linayamba kuwawadi.

Sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, dzanja la Zakeyo linakhudza mkombero wa dengu womangidwa ndi luzi, mfundo zitatu pamodzi. Mfundozo anamanga yekha, chaka chomwe ankalowa chikamwini, pofuna kuonetsa kuti si mlesi. Anatunga chimanga mpaka kusefukira, n'kuthira osacheuka.

Dengulo silinachoke msanga. Kenako anamva mawu ofooka akulankhula ndi mayi wina wa pamzere, poti apongozi salankhula nawe mwachindunji.

"Muwauze bambo a Rozaria kuti khosi lipole tsopano. Ndabwera."

Mzere wonse unaseka mpaka kudambo. Koma Zakeyo anafulatirabe mpaka womaliza analandira, chifukwa sanafune kuti anthu aone mwamuna wamkulu akulira.