Mabuku a m'Tiranki ya Bambo

Ndinadzidzimuka tambala woyamba asanalire. Tulo tinandiba nditatsamira khoma m'nyumba ya siwa, mwendo utachita dzanzi. Nyimbo za amayi a mpingo zinali zitazilala, ndipo koloboyi anali pafupi kuthima. Pakati pathu panagona bambo anga atafunditsidwa nsalu yoyera, kumutu kwawo kuli tiranki yachitsulo imene ndinaidziwa kuyambira ndili kamwana. Ndisaname, chinthu choyamba chimene ndinachita sikunali kulira. Ndinapapasa loko wa tirankiyo kuti ndimve ngati akadali wotseka.

Bambo anali mlaliki wa mishoni zaka zoposa makumi anayi. Ankayenda wapansi m'midzi ya m'mapiri, kumtunda kwa mtsinje wa Domasi, kumene abusa ankangofikako kamodzi kapena kawiri pa chaka. Paliponse pamene afika ankalemba: amene alowa kalasi ya ubatizo, amene abatizidwa, maukwati, maliro, nyumba imene anagonamo, ngakhale mtengo umene anthu ankapemphera pansi pake tchalitchi chisanamangidwe. Mabukuwo anakwana asanu ndi awiri. A ku mishoni anadyedwa ndi chiswe kalekale, choncho mbiri yonse ya mipingo ya m'mapirimo inatsalira m'tiranki ya bambo basi. Maso awo atafooka, iwo ankanena, ine nkumalemba. Theka la buku lomaliza ndinalemba ndine.

Dzulo lake ndinali nditakangana ndi azakhali, achemwali awo a bambo. Iwo anati mabukuwo apite ndi mwini wake kumanda. Kwathu kuno mwana alibe mawu pa katundu wa bambo ake, eni ake ndi a kwawo kwa bamboyo. Zimenezo ndinkazidziwa, koma ine ndine wa mtima wapachala. Ndinawakumbutsa pamaso pa anthu kuti bambo moyo wawo wonse ankadzudzula mwambo woika mbale, makasu ndi mphasa m'manda, ndiye lero tiwachititse manyazi chotero? Azakhali anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma.

"Mwana iwe," anatero, "ine sindidziwa kuwerenga. Koma ndimadziwa kuti pepala silisankha womuuza."

Ndinaona ngati ndi mantha a anthu osapita kusukulu, ngakhale pansi pa mtima ndinkadziwa chimene ankanena. Zinali zaka zochepa dziko litalandira ufulu. Akuluakulu a boma anali atakangana, ena nkuthawira kunja, ena m'tchire, ndipo m'midzi munthu ankatha kungosowa, achibale ake osayerekeza kufunsa. Mabanja angapo amene ana awo ankafunidwa anasamukira kumapiri mwakachetechete. Bambo sanaleke kuwayendera, ndipo ankawalemba monga ankalembera aliyense: dzina, mudzi wochokera, khwawa limene akukhala. Tsiku lina ndinawapempha kuti awa okha tiwasiye. Anandiyankha kuti nkhosa yosalembedwa sichedwa kuiwalika.

Kunja kutayamba kuyera ndinatuluka. Kuseri kwa nkhokwe azimayi anali atasonkha kale moto m'malo asanu, utsi ukungoyandama osakwera. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Unali mwezi uja mvula yoyamba imakhala ikuopseza koma osagwa, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba panali pataunjikana mitambo yakuda bii. Ena ankasankha nandolo, agogo awiri akutsuka kalongonda amene anamuphika kuyambira dzulo, chifukwa bambo ankamukonda monga makolo awo ochokera ku Mozambiki. Anzathu achisilamu a ku Songani, amene bambo ankagula kwa iwo inki ndi palafini, anabwera ndi mpunga, ndipo mbuzi tinapatsa mmodzi wa iwo kuti achinje, ndiye kuti aiphe mwa mwambo wawo, aliyense adye momasuka.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kukhamukira pamaliro. A kwa Malemia anabwera m'magulu akuimba, aphunzitsi a ku Malosa pa njinga. A kumapiri, amene bambo anawathera nsapato, anabwera ochepa, mmodzimmodzi, ndipo anakakhala kumbuyo m'nthochi, nsalu zitaphimba mitu. Ndinawazindikira onse, koma sindinapereke moni kwa aliyense wa iwo, ndipo iwonso anandimvetsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Cha m'ma teni koloko kunafika bambo wina amene palibe anamudziwa. Anavala jekete yotuwa, ndipo nsapato zake zinalibe fumbi, chikhalirecho msewu uli kutali ndi kwathu. Sanakakhale ndi amuna anzake pansi pa mango. Anadzakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko. Anapepesa maliro mwaulemu wonse, kenako anati watumidwa ndi a mishoni kudzatenga mabuku a malemu kuti akasungidwe m'kabati ku tauni, kumene chiswe sichifika.

Amenewo ndiwo mawu amene ndinkalakalaka kumva zaka zonsezo. Kiyi anali pa chingwe m'khosi mwanga, ndipo dzanja langa linali litafika kale pamenepo. Azakhali anandiponda chala.

"Bambo, katundu wa malemu sakhudzidwa mwini wake asanagone," anatero. "Dikirani tibwere kumanda."

Mlendoyo anamwetulira nati adikira.

Ndinakapeza abusa kuseri kwa nyumba akuvala mkanjo, ndipo ndinawafunsa ngati munthuyo anamutuma ndi iwo. Anandiyankha motsitsa mawu.

"Sindikumudziwa, mwanangu. Ndipo usandifunsenso pali anthu."

Ndinayamba kuona m'maganizo masamba amene ndinalemba ndekha, mzere ndi mzere, ndi nkhope za anthu aja anakhala m'nthochi.

Adzukulu anafika ndi bokosi. Amenewa ndi anthu a mudzi wina amene amasambitsa maliro, kukumba manda ndi kunyamula, ndipo pamaliro amaloledwa kuseka ndi kunyoza mmene angafunire. Anatulutsa aliyense m'nyumba natseka chitseko. Atamaliza kusambitsa anaitana azakhali ndi ine kuti tipereke zovala. Pansi pa chitseko ndinkaona chithunzithunzi cha nsapato ziwiri zija.

Palibe anandiuza chochita. Ndinavula chingwe m'khosi, ndinafunditsa loko ndi chitenje kuti asamveke, nkutsegula. Fungo la fodya wouma amene bambo ankaika pothamangitsa tizilombo linatuluka, ndipo ndinangotsala pang'ono kukuwa. Mkulu wa adzukulu, nkhalamba imene dzina lake linali m'buku lachiwiri, analandira mabukuwo ndi manja awiri. Awiri anawakulunga m'jekete yakale ya bambo nawaika kumutu ngati mtsamiro. Ena anawayala m'mbali ndi pansi pa miyendo, naphimba ndi bulangete.

Buku loyamba ndinalikanirira. Linali lakale kwambiri, la nthawi imene bambo anali mnyamata, ndipo ambiri olembedwamo anali atamwalira. Munalibe choopsa chilichonse. Munali nkhani ya tchalitchi choyamba cha udzu, ya chaka cha njala, ndi dzina la mayi anga tsiku limene analowa kalasi. Ndinalilowetsa m'chilundu.

"Akaona limodzi adzafunsa anzake," ananong'ona azakhali. "Ndipo adzafunsa iweyo."

Ndinawada azakhali nthawi imeneyo, ndinawada ndi mtima wonse, makamaka chifukwa sankanama. Ndinalisolola nkuliika ndekha pachifuwa cha bambo, pansi pa nsalu.

Chitseko chinatsegulidwa kuti anthu aone nkhope. Mlendo uja analowa pa mzere ngati wina aliyense. Atafika pabokosi anaima osasuntha. Mutu wa bambo unali utakwera kuposa mmene umakhalira mutu wa maliro, ndipo ine ndinkaona ngati aliyense akuona zimenezo. Munthuyo anayang'ana bambo, anayang'ana tiranki yokhoma, kenako anandiyang'ana ine. Amayi ena kumbuyo kwake anayamba kulira mokweza namukankha, ndipo anatuluka. Misomali itayamba kukhomedwa ndi pamene ndinapuma.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono, ngakhale dzuwalo silinkaonekanso. Adzukulu atangokweza bokosi pamapewa, mmodzi wa iwo amene anali kumanda nthawi yonseyi, osadziwa kanthu, anafuula monga mwa mwambo wawo:

"Agogo awa ankadya mobisa eti? Kuonda konse kuja, koma kulemera ngati thumba la chimanga!"

Tsiku lina anthu akanaseka. Anaseka awiri kapena atatu, nkusiya. Mlendo uja anatembenuka.

"Matabwa ndi aawisi, chitsiru iwe," anatero mkulu wa adzukulu. "Mtengo tadula dzana. Yenda!"

Amayi a mpingo anayambitsa nyimbo nthawi yomweyo, mokweza kuposa kale. Njira ya kumanda imadutsa m'minda yogaula ndi kuwoloka kamtsinje kouma. Tili pamenepo mphepo inayamba, yotentha, yodzaza fumbi ndi mapesi, ndipo kuphiri kunagunda. Onyamula ankasinthana pafupipafupi monga zimakhalira, koma ndinaona kuti mlendoyo akayandikira kuti agwireko, pamalopo pankapezeka phewa la wina. Ngakhale amalonda a ku Songani aja anagwirako, osafunsa chifukwa chake.

Abusa sanatalikitse ulaliki. Ananena za maulendo a bambo, za mitsinje imene anawoloka ndi matchalitchi amene anayambitsa, koma za mabuku sanatchule, chonsecho aliyense m'chigwa chathu ankawadziwa bambo ndi cholembera m'thumba. Bokosi linatsitsidwa ndi zingwe. Dothi loyamba litagunda pa matabwa ndinalira kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirireni bambo. Anthu ankati mwana akulira bambo ake. Zinali zoona, koma ndinkaliranso zaka makumi anayi za anthu amene sanalembedwe pena paliponse. Madontho akuluakulu anayamba kugwa adzukulu akuumba mtumbira. Mlendoyo anaima mpaka khasu lomaliza. Kaya anaganiza chiyani, koma kwathu wofukula manda ndi mfiti yokha, ndipo ngakhale munthu wa nsapato zowala amadziwa zimenezo.

Titabwerera nkusamba m'manja, mlendoyo anatipeza pakhonde. Ndinatulutsa tiranki nkuitsegula pamaso pake. Munali Baibulo, buku la nyimbo, magalasi othyoka mwendo umodzi, choko ndi kabelu kakang'ono.

"Chiswe, bambo," anatero azakhali. "Zotsala tinatentha chaka chatha."

Munthuyo anayendetsa chala pansi pa tirankiyo nachiyang'ana. Munalibe dothi la chiswe ngakhale pang'ono. Anafunsa kuti malemu maso atafooka ankawalembera ndani. Ndinaona kuti ndikakhala chete ayamba kufunsa m'nthochi muja.

"Ndine," ndinatero.

Anatulutsa kabuku kakang'ono m'jekete, anafunsa dzina langa ndi la mudzi wa mayi anga, nalemba mosafulumira.

"Anthu olemba amakumbukira bwino," anatero. "Tidzachezanso, mayi."

Anachoka osadya, mvula ikumunyowetsa. Patapita kanthawi tinamva galimoto ikulira kutsidya kwa mtsinje.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika chifukwa cha mvula. Moto wonse uja unazima. Achibale otsala anaunjikana kukhitchini, akulankhula motsitsa. Ine ndinakhala ndekha m'nyumba, ndikuyang'ana malo a tiranki kumene dothi linali losalala. Azakhali anadutsa nandiikira chikho cha thobwa pafupi. Sindinathokoze, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Kenako wina anaodira pakhomo. Anali agogo ena a kumapiri amene mvula inawatsekereza, mmodzi wa anthu oyamba kubatizidwa kumeneko. Mwana wawo wamwamuna anali pakati pa ofunidwa aja. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, madzi akuchucha m'nsalu.

"Amwali, ine masiku anga atha. Ndimafuna mundionereko ngati dzina langa likadalimo m'buku la aphunzitsi, bambo anu aja. Ndikafa, abusa adziwe kuti ndinali wa mpingo."

Sanadziwe chimene tinachita. Dzina lawo linali m'buku loyamba lija, tsamba limodzi ndi mayi anga. Ndinadzuka nkukatenga kope latsopano limene ndinagulira mwana wanga wa sukulu, pamodzi ndi cholembera cha bambo. Ndinawauza kuti mabuku akale apita, tikuyamba lina, ndipo iwo akhala oyamba. Ananena dzina lawo, mudzi umene anachokera kutsidya kwa malire, ndi mtengo wa mkuyu umene anabatizidwira pansi pake. Ndinalemba zonse pa mzere woyamba. Anapempha kuona, ngakhale sankadziwa kuwerenga, ndipo anagwira inkiyo ndi chala isanaume.

Atatero anasendera pafupi, nayang'ana kuchitseko.

"Nanga la mwana wanga?"

Bambo akanalemba. Ndinagwira cholembera pamwamba pa mzere wachiwiri mpaka dontho la inki linagwera pamenepo. Kunja mvula inali kugwabe, ndipo ndinkangomvetsera ngati galimoto ija ibwerera.

"Limenelo sungani inuyo, agogo," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nafunda nsalu yawo yonyowa. Ndinalumpha mzerewo, ndinatseka kope, ndipo tinakhala awiriwiri osayatsa nyali mpaka mdima unalowa m'nyumba.