Malaya Amene Anandisokera Che Amisi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Pachipatala china cha maso ku Cuamba ankafuna womasulira Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi, ndipo azakhali anga, omwe ankasesa pamenepo, anati, “Wolongolola ndili naye kunyumba.” M'mawa mwake ndinakwera shapa, kaminibasi kaja, kuchoka kwathu ku Mandimba.

Kupatula kumasulira, ndinkaimika odwala patsogolo pa tchati cha zilembo ndi kupatsira adotolo kapepala ka utoto wachikasu kogunditsa m'diso. Akawalitsa tochi yabuluu, chilonda chinkaoneka chobiriwira. Adotolowo, mayi osaseka wamba, anandiphunzitsa kuti kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera. Kakachita chipsera chachikulu chifukwa cha chikuku, nsidze zopindikira m'kati kapena chilonda chochedwa nacho, mankhwala odontheza sathandizanso. Pamafunika kusokererapo kena, kochokera kwa munthu amene wamwalira.

Tsiku lina kunabwera Che Amisi a ku Ngauma, osoka zovala, akazi awo atawagwira dzanja. Diso limodzi linafa ndi chikuku ali mwana. Lotsalalo linakandidwa ndi tsamba la chimanga, ndipo akazi awowo, pofuna kuthandiza, ankafinyiramo masamba kwa milungu itatu. Chilonda chinapola, koma bambowo sankaonanso ngakhale bowo la singano.

Adotolo anati pafunika opaleshoni kuchipatala chachikulu, ndipo odikira ndi ambiri. Ine pomasulira ndinathirapo zanga: “Masamba anuwo, mayi, ndiwo awononga diso.”

Mayi aja anadziphimba kumaso ndi mpango. Che Amisi anafufuza ndodo yawo n'kuimirira. “Tiyeni kwathu. Awa anditsogolera mpaka kuno, sindingawanyozetse chifukwa cha diso.”

Adotolo sankamva Chiyao, koma maso anali nawo. “Ine ndanena zochepa, iwe zambiri. Wawonjezerapo chiyani?” Nditaulula, anangoti, “Akapita, sadzaonanso. Kawabweze.”

Ndinawapeza pachipata. Ndinagwada pafumbi anthu akuona, manyazi atandigwira, n'kupepesa. Amene anandidzutsa ndi mayi omwewo, ndipo ndiwo ananyengerera amuna awo kuti akalembetse.

Panapita mvula ziwiri. Tsiku lina Che Amisi analowa okha, opanda ndodo, mayi akubwera pambuyo. Anandipatsa malaya osoka okha. Nditavala, kolala inandithina.

“Sindinalakwitse muyeso, mwanangu,” anatero akuseka. “Ndafuna kuti mawu azituluka pang'onopang'ono.”

Malayawo ndikadali nawo. Mpaka lero ndimamasulira zimene zanenedwa basi, zanga ndimameza.